Bwana mmodzi akutizunza awiri, koma wodwala ndine ndekha: kodi nkhanza za pantchito zimasankha mkazi?

Kalaliki wa ku Mulanje

Ndikupereka moni kwa nonse amene muwerenge uthengawu. Ndaulemba n'kuufufuta katatu, ndipo mundikhululukire kuti sinditchula dzina langa kapena la malo amene ndimagwirako ntchito, chifukwa kuno kwathu palibe esiteti imene munthu angaitchule popanda wina kunena kuti mlamu wake amagwira komweko.

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndakhala kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje kwa zaka 6. Ntchito yanga ndi kulemba makilogalamu a masamba amene otchola abweretsa pa sikelo, kusunga buku la obwera ku ntchito, ndiponso kukonza mapepala opita ku ofesi ya malipiro. Zaka 5 zoyambirira ndinagwira popanda kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Zinthu zinasintha chaka chatha pamene anatibweretsera mkulu wina woyang'anira makalaliki, bambo amene sindinayambanepo nawo ndipo sindinkawadziwa n'komwe.

Bambowa sanandimenyepo, sananditukwanepo pamaso, ndipo sanandifunsirepo. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa maphunziro onse amene tinapatsidwa kuntchito ankanena za bwana wofuna chibwenzi mokakamiza. Zimene amandichita ine n'zing'onozing'ono moti ndikazifotokoza chimodzichimodzi ndimaoneka ngati wodandaula zopanda pake. Anandichotsa pa gulu la WhatsApp limene amalengezapo kusintha kwa nthawi, kenako n'kumandifunsa pamaso pa anzanga chifukwa chimene ndachedwera ku msonkhano umene sindinaumve. Ndikalakwitsa nambala imodzi salankhula nane mu ofesi, koma amadikira m'mawa otchola atasonkhana n'kuiwerenga mokweza. Anandisamutsira ku gawo lakutali kwambiri, kumene ndimanyamuka kukadali mdima, pamene akudziwa kuti mwana wanga wamng'ono sanayambe n'komwe sukulu. Chimene chimandipweteka kuposa zonse ndi mawu amene amakonda kuponya m'mwamba ine ndili pomwepo, akuti pali amayi ena amene mayeso olowera ntchito analembera kuchipinda. Sanatchulepo dzina, koma mkazi pa gulu la makalaliki ndilipo ndekha, ndipo tsopano mphekesera yoti ndinali pa chibwenzi ndi manijala wakale yafika mpaka ku tchalitchi kwathu.

Wovutitsidwa si ine ndekha. Pali mnzanga wamwamuna, kalaliki ngati ine, amene amamuzunza mwa njira ina. Iye amamukalipira poyera, amamutchula mbuzi, amamufunsa pamaso pa amayi otchola ngati kunyumba kwake amatha kulamula ngakhale nkhuku, ndipo amamupatsa ntchito ya anthu awiri kuti aimalize dzuwa lisanalowe. Mnzangayo amangoseka. Ine tulo tinandithawa, ndikamva kulira kwa njinga yamoto ya bwanayo mtima umagunda ngati utuluka, Lamlungu madzulo m'mimba mumandipota, ndipo ndayezetsa malungo katatu osawapeza. Nditamuuza mnzangayo kuti tikadandaule limodzi, anandiyankha kuti ife amayi timatengera zinthu kumtima, ndipo mwamuna salira chifukwa cha mawu. Komatu munthu yemweyo, amene kale sankalawa mowa, masiku ano amatsikira pa Chitakale tsiku la malipiro n'kukafika kwawo m'mawa.

Amuna anga akuti ndingosiya. Mayi anga akuti ntchito n'kupirira, monga banja. Ine ndikufuna kudziwa ngati zimenezi zilidi nkhanza kapena ndi bwana wovuta chabe, ndiponso ngati n'zoona kuti akazi timapwetekedwa msanga kusiyana ndi amuna, chifukwa ndayamba kukhulupirira kuti mwina vuto lili mwa ine. Amene mukudziwa kumene munthu angapite, ndithandizeni.

Kapitawo wopuma, Thyolo

Mayi, ndawerenga uthenga wanu kawiri, ndipo ndikuyankhani ngati munthu amene anakhalapo mbali inayo. Ndinagwira ntchito m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka 27, ndipo 19 mwa zaka zimenezo ndinali kapitawo.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono oyang'anira anzanga, ngakhale ndikudziwa kuti ena simukondwa nazo. Tiyi sadikira munthu. Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Epulo, masamba amaphuka mofulumira moti munda ukadumphidwa masiku ochepa amakhwima n'kutsika mtengo, ndipo otcholedwa kale akachedwa kufika ku fakitale amatenthana n'kupsa. Pa nyengo imeneyo aliyense amakalipa, kuyambira manijala mpaka woyendetsa thirakitala, ndipo si kukalipa kulikonse kumene kuli nkhanza. Kusiyana kwake ndinakuzindikira mochedwa. Wokalipira ntchito amasiya ntchitoyo ikakonzeka, ndipo mawa akhoza kukalipira wina amene walakwitsa, pamene wokalipira munthu amasankha mmodzi, ndipo ngakhale munthuyo atagwira bwino chotani amamupezerabe chifukwa. Inu mwatha zaka 5 popanda chenjezo, kenako mwadzidzidzi mwasanduka wolephera pa chilichonse. Zimenezo si za tiyi ayi.

Tsopano ndinene zimene zimandichititsa manyazi. Inenso ndinali ndi anthu amene sindinkawafuna, ndipo ndinkawakhaulitsa mosiyana malinga n'kuti ndi mwamuna kapena mkazi, osati chifukwa wina anandiphunzitsa, koma chifukwa ndinkadziwa pamene aliyense pamamupweteka. Mwamuna ndinkamunyoza pagulu, makamaka pamaso pa akazi, podziwa kuti sangandiyankhe popanda kutaya ntchito ndipo sangakadandaule popanda kusekedwa. Mkazi sindinkamukwezera mawu kawirikawiri, popeza kukalipira mkazi wa mwini kumabweretsa milandu kumudzi. Ndinkangomupatsa mzere wa potsetsereka pamene masamba ndi ochepa, kapena kumubwezera dengu pa sikelo kuti achotsemo masamba okhwima pamene anzake obwera ndi masamba omwewo ndawalola kudutsa, ndipo iye ankadziwa, ngakhale sindinanene, kuti dzina lake likhoza kusowa pa mndandanda wa olembedwa nyengo yotsatira. Otchola ambiri amalembedwa pa nyengo yokha, ndiye mantha amenewo ankakwanira.

Agogo athu anagwira thangata m'minda yomweyi, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo, ndipo ngakhale thangata linatha dziko lisanalandire ufulu mu 1964, kalankhulidwe ka kapitawo kwa wantchito sikanathere limodzi nalo. Ife tinakalandira kwa otikalipira n'kukapatsira amene anali pansi pathu. Sindikunena izi pofuna kudziyeretsa.

Za mnzanu wosekayo, musanyengedwe. Kuno ambiri a ife timakhala chikamwini, pamudzi pa mkazi, ndipo malo olima ndi ochepa chifukwa nthaka yaikulu ili m'maesiteti. Ulemu wa mwamuna pamudzi wotero umachokera pa malipiro. Akachotsedwa ntchito sabwerera ku munda wake, koma amakakhala pakhonde apongozi akumuona m'mawa ndi madzulo. N'chifukwa chake amaseka akamatchedwa mbuzi, popeza wawerengera kuti kutchedwa mbuzi kuntchito kuli bwino kusiyana ndi kutchedwa mlesi kumudzi. Anthu amene ndinkawazunza ankandisekerera chimodzimodzi, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Mmodzi wa iwo ndinakumana naye pa msika wa Bvumbwe patapita zaka zambiri, ndipo nditamupatsa moni anandibwerezera mawu amene ndinamunena tsiku lina, osasiyako ngakhale limodzi, pamodzi ndi munda umene tinaimamo tsikulo. Ine ndinali nditaiwala kalekale.

Namwino wa zamaganizo, Luchenza

Achemwali, zimene mwafotokozazi si kufooka kwa mtima, ndipo ofufuza za umoyo wa apantchito anazizindikira kale. Katswiri wina wa zamaganizo amene ankagwira ntchito ku Sweden, Heinz Leymann, anayamba kuzifufuza m'zaka za m'ma 1980, ndipo anandandalika machitidwe 45 amene munthu amazunzidwa nawo pantchito. Ambiri mwa machitidwewo ndi ofanana ndi anuwo, monga kumubisira munthu uthenga, kumupatula kwa anzake, kumufalitsira mphekesera, ndi kumupatsa ntchito yosatheka kapena yomutsitsa. Iye ankati zimenezi zikamachitika kamodzi pa sabata kapena kuposa apo kwa miyezi 6, sikukhalanso kusamvana wamba. Mphamvu ya nkhanzazi ili m'kubwerezabwereza, n'chifukwa chake mukafotokoza chimodzi chokha chimaoneka chopepuka, monga dontho limodzi la denga lodontha limene palibe angalidandaule, chonsecho pofika m'mawa mphasa yonse yanyowa.

Zimene zikuchitika m'thupi lanu zili ndi chifukwa chake. Munthu akaona choopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timathamangitsa mtima, kukweza magazi ndi kuimitsa kaye ntchito ya m'mimba kuti munthuyo athe kuthawa kapena kulimbana nacho. Zimenezi n'zothandiza pa ngozi ya mphindi zochepa, monga kukumana ndi njoka m'munda. Koma inu bwana wanu simungamuthawe ndipo simungalimbane naye, ndiye thupi lakhala tcheru kwa miyezi yambiri, mpaka laphunzira kuti kulira kwa njinga ija ndi chizindikiro cha ngozi, ndipo Lamlungu madzulo limayamba kukonzekera za Lolemba inu musanaziganizire n'komwe. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wosagona amaiwala ndiponso amalakwitsa manambala, ndipo cholakwika chilichonse chimapatsa womuzunzayo umboni watsopano. Pamapeto pake wozunzidwayo amayamba kuvomereza kuti ndi wolepheradi, monga mmene inu mwayambira kunenera.

Pa funso lanu lalikulu, ine sindivomereza kuti mkazi amapwetekedwa msanga. Chimene chimasiyana ndi khomo limene ululuwo umatulukira. Bungwe la World Health Organization limanena kuti matenda a kukhumudwa amapezeka kwambiri mwa akazi kusiyana ndi amuna, koma limanenanso kuti amuna odzipha ndi ochuluka kuposa kuwirikiza kawiri akazi, ndipo ziwerengero zimene apolisi athu amalengeza zimasonyeza kuti kuno ku Malawi ambiri mwa odzipha ndi amuna. Ziwirizi ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Mayi amabwera yekha kuchipatala, akudandaula mutu, pachifuwa kapena kuganiza kwambiri, ndipo ukakhala naye pansi pang'ono nkhani yeniyeni imatuluka. Bambo kawirikawiri amabwera mochedwa, atavulala pa ndewu ya kumowa, kapena atakokedwa ndi akazi awo chifukwa wasiya kulankhula pakhomo, ndipo ukamufunsa za kuntchito amati kuli bwinobwino. Mwana wamwamuna amene anauzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti asalire, ngakhale pamaliro, sakhala ndi mawu ofotokozera zimenezi akakula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuona kuti chimalemera kwambiri kwa akazi, ndipo ndicho chikukuchitikirani. Kukalipiridwa kumathera pa geti, koma mphekesera ya chiwerewere imakutsatira ku mjigo, ku tchalitchi ndi kuchipinda kwa amuna ako, moti sipakhala malo opumulirapo. Munthu amatha kupirira zambiri ngati pali penapake pamene angatule, ndipo bwanayo pamene wakulandani ndi pomwepo.

Pitani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu ndipo mukanene kuti mukufuna kuonana ndi woona za maganizo. Ambiri amaopa poganiza kuti akatero atumizidwa ku Zomba Mental Hospital, koma nkhawa ndi kusowa tulo zimathandizidwa konkuno, nthawi zambiri mwa kukambirana, ndipo mankhwala amaperekedwa pokhapokha ngati akufunika. Akakuyezeni BP, ndipo mukafotokoze za kuntchito momveka kuti zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Musagule mapiritsi ogonetsa kwa ogulitsa wamba. Mnzanuyo musayambe n'kumuuza za kudandaula, chifukwa kwa iye mawu amenewo ndi ofanana ndi kulira. Mufunseni muli awiri ngati akugona tulo. Ngati angatchule zoti watopa ndi moyo, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, popeza kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe, ndipo akavomera musamusiye yekha mpaka afike kuchipatala.

Mphunzitsi wa pulayimale, Thekerani

Ndikugwirizana ndi anamwino pa zambiri, koma ndikuopa kuti wowerenga angachoke pano akuganiza kuti wozunza nthawi zonse ndi mwamuna. Ine amene anandidwalitsa anali mayi mnzanga, mkulu wa sukulu ina imene ndinaphunzitsako kwa zaka 4, ndipo ankapemphera kuposa ife tonse.

Chiyambi chake chinali chakuti ndinafunsa pa msonkhano mmene ndalama zina za sukulu zinayendera. Kuchokera tsiku limenelo sanandikalipirepo, koma anandichotsa m'kalasi ya Sitandade 8 imene ana anga ankakhoza bwino, anasiya kuyankha moni wanga, ndipo aphunzitsi anzanga aakazi, mmodzimmodzi, anayamba kunyamuka ndikakhala nawo pansi pa mtengo nthawi yopuma. Anandichotsa pa chipereganyu popanda kundiuza chifukwa. Pamene bambo anga anamwalira, ku maliro kunabwera aphunzitsi awiri okha, onse aamuna, pa sukulu imene mwambo wake unali wakuti mnzathu akaferedwa tonse timapita. Amuna ena akamva zimenezi amaseka n'kumati n'za akazi, koma munthu amene sanasalidwepo sadziwa kuti kukhala pakati pa anthu 20 tsiku lonse popanda wokuyang'ana kumaso kumatopetsa kuposa kulima.

Pa sukulu yomweyo panali bambo wina amene ankaphunzitsa Sitandade 1 ndipo ankaikonda ntchito yakeyo. Amayi tinkamuseka kuti ndi nakubala wa ana, ndipo inenso ndinasekapo, ndisaname. Iye anali mwamuna yekha m'makalasi a ana aang'ono, monga mmene inu mulili mkazi nokha pakati pa makalaliki. Ndikuona kuti amene ali yekha pa gulu ndi amene amakhala wosavuta kumutola, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa mawu oponyedwa m'mwamba amagwera iye popanda kutchula dzina.

Ndinadandaula kwa mlangizi wa maphunziro wa dera lathu, ndipo yankho lake linali kundisamutsa ine. Tulo tinabwerera patapita miyezi ingapo, koma mpaka lero ndikaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa sukulu manja amandizizira, ngakhale mkulu amene ndili naye tsopano ndi munthu wabwino. Amayi aja adakali pa mpando wawo, ndipo ndamva kuti anapeza wina.

Mkulu wakale wa bungwe la apantchito, Limbuli

Mayi, choyamba musasiye ntchito mothamanga, ngakhale amuna anu akunena mokufunirani zabwino. Ndaona anthu ambiri akulemba kalata yosiya ntchito ali okwiya, yothokoza kampani chifukwa cha zonse, kenako n'kubwera kudzafunsa chimene lamulo lingawachitire. Kalata yoteroyo imakhala umboni woyamba wowatsutsa.

Lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, silinapatule mutu wapadera wa nkhanza zamtundu umenewu, koma muli zitseko zimene munthu angalowere. Gawo 5 limaletsa kusala wantchito pa zifukwa monga kukhala mkazi kapena mwamuna. Gawo 57 limati munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Gawo 60 limalola wantchito kusiya ntchito popanda kupereka chidziwitso ngati khalidwe la womulemba lafika poti n'zosatheka kupitiriza, ndipo lamulo limaona munthu woteroyo ngati wachotsedwa mopanda chilungamo, koma udindo wosonyeza kuti zinafikadi pamenepo umakhala wa wantchitoyo. Dandaulo la kuchotsedwa liyenera kufika ku ofesi ya leba ya pa boma pasanathe miyezi 3, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court, limene kwa ife lapafupi lili ku Blantyre. Pamwamba pa zonsezi, malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza ulemu wa munthu pa gawo 19 ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo pa gawo 31.

Mwanena kuti bambowo sanakufunsirenipo, ndipo zikuoneka kuti mukuganiza kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 silikukukhudzani. Liwerengeninso. Lamulo limenelo silinena za kugwira thupi kapena kufunsira kokha, koma limatchulanso mawu okhudza zogonana amene munthu sakuwafuna, onenedwa m'njira yoti munthu woganiza bwino akanadziwa kuti winayo anyozeka, achita manyazi kapena aopsezedwa. Mwa kuona kwanga, mawu a mayeso olembera kuchipinda aja, onenedwa pamene mkazi alipo mmodzi, akulowa m'menemo. Chilango chimene chinalembedwa m'lamulolo ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa.

Apa ndi pamene pali kusiyana kumene anzanga sanakutchule. Pa nkhani za akazi m'minda ya tiyi pakhala phokoso lalikulu, makamaka kuyambira pamene amayi 36 a kuno ku Mulanje ndi Thyolo anasumira kampani ina ku London, mlandu umene unathera kunja kwa khoti mu 2021 kampaniyo italipira koma osavomera kulakwa. Maesiteti ambiri tsopano ali ndi ndondomeko zolembedwa ndi makomiti olandira madandaulo a amayi. Sindikunena kuti zonse zimayenda bwino, koma chitseko chilipo ndipo pali wokhala kuseri kwake. Mwamuna wotchedwa mbuzi tsiku ndi tsiku sadziwa kuti agogode pati, ndipo ndivomereze kuti ifenso m'mabungwe tinkathera mphamvu pa malipiro ndi maola a ntchito, moti bambo akabwera ndi nkhani ya kunyozedwa tinkamuuza kuti alimbe mtima. Pangano la 190 limene bungwe la International Labour Organization linakhazikitsa ku Geneva mu 2019 limaona nkhaniyi mokulirapo, chifukwa limatchula kuvulazidwa m'maganizo pamodzi ndi kwa thupi, limateteza wantchito aliyense, ndipo limati ngakhale chochitika kamodzi chikhoza kukhala nkhanza. Choncho miyezi 6 imene anamwino atchula ndi muyeso wa ofufuza, si nthawi imene muyenera kudikira musanadandaule.

Gulani kope, lizikhala kunyumba osati mu ofesi. Lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene analipo, ndipo musalembemo zoti bwanayo ndi woipa mtima, chifukwa woweruza amafuna zimene zinachitika. Jambulani pa foni pamene pakusonyeza kuti munachotsedwa pa gulu la WhatsApp, ndipo sungani kalata yokusamutsani. Dandaulo mulipereke molemba kwa mkulu woona za apantchito, osati kwa bwanayo, ndipo musunge lina lodindidwa tsiku limene alandira. Funsani woimira bungwe la ogwira ntchito m'minda la Plantation and Agriculture Workers Union pamalo panu ngati udindo wanu uli m'gulu la amene pangano la bungwelo ndi bungwe la makampani a tiyi la Tea Association of Malawi limawakhudza, popeza chiyambire 2016 mbali ziwirizi zimasainirana mapangano. Ngati dokotala angakulembereni masiku opuma, dziwani kuti wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wa masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro m'chaka.

Kalaliki wa ku Mulanje

Zikomo kwambiri nonse, ndipo bambo a ku Thyolo ndikuthokozeni mwapadera, chifukwa sindinayembekezere kuti munthu amene anachitapo zimenezi angazifotokoze poyera. Mawu anu oti wokalipira ntchito amasiya ntchito ikakonzeka ndinawawerengera amuna anga, ndipo kwa nthawi yoyamba anasiya kunena zoti ndingosiya n'kuyamba kundifunsa masiku amene zinthuzi zinachitika.

Lachisanu ndinapita kuchipatala. BP anaipeza yokwera, anandiuza kuti ndikabwererenso pakatha masabata awiri, ndipo mayi amene ndinalankhula nawo analemba za kuntchito m'kabuku monga mmene munandilangizira, anamwino. Kope ndagula. Pokumbukira za m'mbuyo ndadzaza masamba 7, ndipo nditawawerenga motsatana ndinadabwa kuti ndine amene ndinkafunsa ngati zimenezi ndi nkhanza.

Mnzanga uja ndinamupeza yekha pa sikelo otchola atapita, ndipo ndinamufunsa za tulo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati amadzuka pakati pa usiku n'kumawerengera manambala a dzulo m'mutu mpaka tambala kulira, ndiponso kuti akazi ake sakudziwa chilichonse cha zimene amanenedwa kuntchito. Funso lovuta lija ndinamufunsa, ndipo anati ayi, sanafike poganiza zimenezo. Zopita kuchipatala wakana, akuti mwina mvula ikatha. Wakananso kuti dzina lake lilembedwe ngati wodandaula, koma wavomera kukhala mboni pa mawu a kuchipinda aja, chifukwa analipo maulendo atatu pamene ananenedwa.

Apa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu linanso, bambo a ku Limbuli. Kontirakiti ya mnzangayo imatha mu Juni, pamene yanga ndi yokhazikika. Ngati angandichitire umboni kenako osamulembanso, popanda wina kunena kuti chifukwa chake n'chimenecho, kodi pali chimene lamulo lingamuchitire, kapena ndi bwino ndidikire mpaka asainenso ndisanapereke kalatayo? Ndifunsenso ngati kalata yodandaula ingalembedwe m'Chichewa, chifukwa mawu amene bwanayo amanena ndikawatembenuzira m'Chingerezi akumveka ngati nthabwala.